Galasi la Kumanja

Dália anali atagwada pakhonde, akuzira ndi dothi lakuda limene anakakumba kudambo dzulo lake, pamene anamva njinga yamoto ikukhotera kwawo. Kulira kwake anakudziwa, koma kafikidwe sikanali ka mwamuna wake. Quim ankazimitsa injini akadali pamtengo wa mapeyala, n'kutsetsereka mwakachetechete mpaka pabwalo. Uyu anafika nayo ikubangula, nkhuku zonse balala.

Anali Henrique, makaniko wa kuseri kwa msika wa Zóbuè, munthu wamfupi amene manja ake sankayera ngakhale Lamlungu.

"Mlamu, musadzidzimuke," anatero asanatsike n'komwe. "Amuna anu agwa, koma ali moyo. Anandiimbira okha kuti ndikatenge mota, ndipo ndawasiya akutukwana bwinobwino. Mutu ukugwira."

Dália anaimirira, manja ali dothi mpaka m'zigongono. "Agwa pati?"

"Kunsi uko, pamtsetse popita ku Moatize. Anali ndi matumba awiri a kachewere. Lole inabwera kumbuyo, iwo n'kuyang'ana pagalasi kuti aone ngati yayamba kuwapitirira, koma galasi linali litatembenuka lokha, likuyang'ana mitambo. Atatambasula dzanja kuti alibweze, mphepo ya lole n'kuwakankhira m'ngalande. Mkono wathyoka. Awatengera kuchipatala, abwera mawa."

Apongozi ake a Dália, mayi Augusta, anali atatulukira kuseri kwa nyumba ndi lichero la nyemba, ndipo anamva zonse. Anakhala pansi pomwepo, pakhonde ponyowa pamene Dália anali atangozira kumene, osasamala kuti nsalu yawo ikuda.

"Galasi liti?" anafunsa.

"La kumanja, amayi."

Sanafunsenso china. Mayi wina aliyense akanafunsa kuti mkono uti, koma tsiku limenelo mtima wa Dália unali kuchipatala, ndipo funsolo linangomudutsa.

Njingayo inayenera kulowa m'nyumba, ndipo imeneyo sinali ntchito yamasewera. Nyumba ija anaimanga malemu bambo Ambrósio, bambo ake a Quim, atabwerako ku Malawi kumene anathawira nkhondo. Chitseko anachokera nacho kumsasa komweko atachisenza pamutu, ndipo popeza chinali chaching'ono, khomo nalo analimanga laling'ono. Munthu wonenepa ankalowa cham'mbali. Ndani nthawi imeneyo akanaganiza kuti pakhomo pamenepo padzalowa mota? Ikadutsa khomolo, inkagona m'kanjira kopapatiza pakati pa matumba a chimanga ndi chipinda cha mayi Augusta, pansi pa kazenera ka njerwa zoboola.

Madzulo aliwonse Quim ankachita zomwezomwezo. Ankayala thabwa pachiundo cha khomo, n'kutenga sipanala imene inkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, n'kumasula nati ya galasi lililonse, n'kulipindira mkati kuti lisakole mphuthu, n'kumanganso natiyo. Kenako Dália ankagwira kumbuyo, iye n'kupendeketsa mahandulo, kaye ya kumanzere, kenako ya kumanja, mpaka njinga italowa, kutangotsala mpata wa chala chimodzi mbali iyi ndi iyo. M'mawa ankabweza magalasi n'kumanganso manati. Dália ankaikonda ntchito imeneyi. Anali mwana wa woumba njerwa wa ku Bagamoyo ku Moatize, anakula akuona bambo ake akuyeza zinthu ndi zala, ndipo chinthu chilichonse chokhala ndi kachitidwe kake chinkamukoka maso.

Tsiku limenelo analowetsa ndi Henrique. Galasi la kumanja silinafune sipanala. Linali gwedegwede ngati dzino la mwana.

Quim anabwera mawa lake masana, mkono uli m'chikhakha, atauikoleka m'khosi ndi nsanza yoyera. Dália anali atamutenthetsera madzi, atamuyalira mphasa pamthunzi. Iye sanayang'ane madzi kapena mphasa. Analowa m'kanjira muja, nagwedeza galasi ndi dzanja lake labwino, natuluka nkhope itathina.

"Dália, tabwera kuno. Galasi ili wakhala ukulitani?"

"Ine?"

"Ayi, ndikufunsa mbuzi. M'nyumba muno amadziyang'anira pagalasi la mota ndani? Amayi? Ndakupeza kangati uli pamenepo, khosi utapinda, ukukonza tsitsi?"

Zinali zoona. M'nyumba muja munalibe galasi lina lililonse. Dália atabwera ku chitengwa miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, anali ndi kagalasi kake kozungulira, koma apongozi ake anamupempha mwaulemu kuti akasunge pansi pa zovala m'chikwama, osanena chifukwa. Iye anamvera. Ndiye Lamlungu m'mawa, asanapite kutchalitchi, ankawerama pagalasi la njinga n'kulipendeketsa kuti aone ngati duku lakhala bwino.

"Ndimangopendeketsa pang'ono," anatero.

"Pang'ono! Taona pang'ono pakopo." Quim anakweza chikhakha. "Ndikanafera pansi pa matayala chifukwa cha duku. Henrique akuti mazinga ake omangirapo nati atha, wina wakhala akulipotokola ndi manja. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ukwera galimoto, ukapume kwanu ku Moatize. Bambo ako ndi amalume anga akambirana okha ngati udzabwerenso."

"Mwana wanga, usafulumire," anatero mayi Augusta chapansipansi, maso ali panyemba zawo.

"Amayi, musamuikire kumbuyo. Mkonowu ndi wanga."

Tsikulo linali Lachiwiri. Dália anatenga madzi aja, amene anali atayamba kuzizira, nakawabwezera pamoto.

Ankadziwa chimene chinkamudikira ku Moatize. Makolo ake anasamutsidwa kuchoka ku Bagamoyo mgodi wa malasha utakula, ndipo kumene anawaika kulibe dongo la njerwa. Bambo ake ankangokhala pakhonde, manja ali pamaondo. Kuwabweretsera mwana wobwezedwa ku ukwati chaka chisanathe kunali kuwaonjezera chinthu china choti aziyang'ana pansi nacho. Komanso Quim ankamukonda, ngakhale ndi pakamwa pake pamenepo. Ndi Quim yemweyo amene ankamubweretsera nthochi imodzi m'thumba la jekete, yofewa ndi kutentha kwa thupi, n'kumupatsa osanena kanthu.

Koma chimene chinamuvuta kwambiri sichinali mantha. Ankafuna kudziwa. Ngati analidi iye, anafuna kudziwa bwinobwino kuti akalape chinthu chenicheni, osati chongomuuza. Lachitatu, pochokera kogula mchere, anakhotera kwa Henrique.

Anamupeza pansi pa malata ake atatu, atagona chagada pambali pa njinga ya munthu wina.

"A Henrique, ndikufuna mundionetse mmene galasi limaonongekera."

"Aa, mlamu, mukufuna kundilanda ntchito? Ana anga adya chiyani?" Anadzuka akuseka, napukuta manja pabuluku, natola galasi lakale m'bokosi la zitsulo. "Gwirani apa, pamutu. Pendeketsani. Mwaona? Mutu anaupangira zimenezo. Mutha kuupendeketsa m'mawa, masana, madzulo, mpaka imvi zitamera, palibe chingachitike. Tsopano gwirani mwendo wake."

Dália anagwira kachitsulo kaatali kamene kamalowa pahandulo.

"Umenewo ndiye sagwira chisawawa. Ukafuna kuupinda, umasula nati kaye. Wina wakhala akupinda osamasula. Ndipo pali chinanso chimene anthu ambiri sadziwa. Galasi la kumanzere limamasuka ngati chitsekero cha botolo. La kumanja, pa mota zamtundu uwu, limamasukira kwina, mobwerera. Anachita dala, kuti likagunda chinthu uli paulendo lizimasuka m'malo mothyoka. Ndiye amene ankalipotokolayo ankayesa akumasula pamene akumanga, likakana n'kuonjezera mphamvu. Osati kamodzi ayi. Kambirimbiri, kupita, kubwerera, kupita, kubwerera, mpaka mazinga anasalala."

Dália anazungulitsa galasi lija m'manja, nayesa mbali iyi, nayesa inayo. "Ine mwendo sindinaugwirepo."

"Ndiye si inu. Inetu sindinanene kuti ndinu, ndinangoti wina. A Quim mkono ukuwawawa, akufuna wina woti amve nawo kuwawa. Ndikawauze?"

"Mukawauza, afunsa kuti nanga ndani. M'nyumba tilimo atatu."

Henrique anamuyang'ana, naliza kalikhweru kakang'ono, nabwezera galasi m'bokosi. "Ine ndine wa manati, mlamu. Za m'nyumba sindizitha."

Panjira pobwerera, funso lija linamubwerera lokha: galasi liti? Anaima pakati pa njira, mchere uli m'manja. Koma nkhalamba imene sifuna ngakhale kagalasi ka m'thumba ingafune chiyani pagalasi la njinga? Sadziyang'anira. Sakwera njinga. Akamadutsa m'kanjira muja amatembenukira kumatumba a chimanga. Nanga bwanji la kumanja lokha, la kumanzere n'kulisiya?

Anayamba kuyang'anitsitsa. Anaona kuti masiku amenewo apongozi ake ankadzuka iye asanadzuke, ndipo akatuluka ankapeza ndowa zonse zitadzaza kale. Lachinayi anapeza dzira lowiritsa pansi pa mbale yake, losenda kale. Akathokoza, mayi Augusta ankangoti, "Idya, mwana wanga," akuyang'ana kwina. Tsiku lomwelo Henrique anabwera ndi chitsulo chatsopano cha pahandulo ndi galasi latsopano. Popeza njinga inali yoti ikhala m'nyumba masabata ambiri, anapindira magalasi onse mkati monga mwa masiku onse, namanga manati zolimba.

Lachisanu masana mitambo inayamba kusonkhana kumapiri a kumalire. Quim anali atapita kukhonde la golosale kukaonerera bawo, poti kukhala pakhomo ndi mkazi amene salankhula naye kunamutopetsa. Dália anathamangira kuchingwe kukanula zovala. Madontho oyamba anagwa akuluakulu, ndipo pamene ankafika pakhomo, malata anali atayamba kulira kotero kuti munthu sakanamva mapazi a mnzake.

Anaima pachiundo. Mayi Augusta anali m'kanjira muja, pambali pa njinga. Manja awo onse awiri anali pamwendo wa galasi la kumanja, atagwira ngati munthu wozolowera, phewa litakonzeka kukankha. Kenako anachotsa manja msangamsanga ngati agwira mphika wamoto, nawabisa m'khwapa.

Kunang'anima. Kuwala kunalowera pakazenera kaja, galasi la kumanja n'kukuwakha, n'kukuponya molunjika pakhomo la chipinda cha mayi Augusta, mpaka pamphasa pawo pamene amagona. Chipinda chonse chinayera mbee, kenako mdima. Dália anali asanaonepo zimenezi, poti chipinda chake chinali mbali inayo. Galasi la kumanzere likapindidwa linkangoyang'ana matumba. La kumanja linkayang'ana kumwamba ndi kuchipinda nthawi imodzi.

Bingu lisanathe kugunda, mayi Augusta anaphimba galasi lija ndi zikhatho zawo zonse ziwiri, natsamiza chipumi pamanja. Milomo inkagwedera. Pakati pa phokoso la malata Dália anamva mawu a pemphero, ndi dzina limodzi limene linkabwera mobwerezabwereza: Assucena.

Apa m'pamene anakumbukira za mvula yoyamba ya chaka chino. Quim atangolowetsa njinga, mayi Augusta anaiponyera nsalu yaikulu, ndipo mbali ya nsaluyo inapsa papaipi ya utsi, nyumba yonse n'kununkha. Quim anakalipa, kenako anaseka. "Amayi, mphenzi imaopa nsalu? Zachikale izo. Mudzatiotchera nyumba. Pa mota panga pasadzakhalenso nsalu." Kuyambira tsiku limenelo panalibedi nsalu. Anthu ambiri a msinkhu wawo amaphimba magalasi kukamang'anima, Dália ankadziwa zimenezo, agogo ake nawo ankachita. Koma anali asanaonepo munthu akuphimba galasi ndi thupi lake.

Anabwerera chammbuyo pang'onopang'ono, nakaima kunja pansi pa malata, zovala atazikumbatira. Mphepo inkamuthira madzi m'miyendo. Sanalowe, kuti apongozi ake asadziwe kuti aonedwa. Mvula inagwa pafupifupi ola lathunthu, ndipo nthawi ndi nthawi akasuzumira pampata wa chitseko, ankawaona ali pomwepo, manja osachoka pagalasi.

Dzuwa litapendeka, Quim anabwera atanyowa phewa limodzi. Dália anamuthirira madzi osamba m'manja, poti ndi dzanja limodzi sakanatha kudzithirira, ndipo anamupukuta zala zimene zinkatuluka kunsonga kwa chikhakha. Mayi Augusta anali kuseri, akuona ngati nkhuku zonse zalowa.

"A Quim, Assucena anali ndani?"

Aka kanali koyamba kumufunsa kanthu kuyambira Lachiwiri. Quim anamuyang'ana cham'mbali. "Walimva kuti dzina limenelo?"

"Amayi amalitchula popemphera."

"Mlongo wanga, woyamba kubadwa. Ine sindinamuone, ndinabadwa atabwerako kale." Anayang'ana zala zake. "Anafera kumsasa ku Malawi. Bambo anandiuza kamodzi kokha. Akuti anatola kagalasi kosweka kudzala, ndiye ankasewera nako pakhomo, kuwalitsa anzake kumaso, mvula ikubwera. Amayi anamuitana kuti alowe, iye n'kumaseka. Kenako mphenzi. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi." Analoza ndi chibwano. "Chitseko chake n'chomwechi. N'chifukwa chake bambo anakana kuchisiya. Usakawafunse amayi zimenezi, wamva?"

"Ndamva."

Dália anamuyang'ana kuti aone ngati mawu ake omwe amufikitsa penapake. Ayi. Quim anali atayamba kale kudandaula kuti mkati mwa chikhakha mukuyabwa.

Mawu anali pakamwa pa Dália, okonzeka. Akanangoti, pitani mukaime m'kanjira kukamang'anima, muone. Lamlungu akanalowa m'tchalitchi ndi kutuluka ngati mkazi wapanyumba pake. Koma ankamudziwa Quim. Akanatembenukira kwa mayi ake ndi mawu omwe aja, chikhakha atachikweza m'mwamba, ndipo mayi amene anataya mwana mmodzi ali ndi galasi m'manja akanamva pakamwa pa mwana wotsalayo kuti anatsala pang'ono kumupha ndi galasi. Dália anataya madzi aja patsinde pa mpeyala, naimako kanthawi. Anapemphera mwachidule, monga ankachitira nthawi zonse, osasuntha milomo. Sanamve yankho lililonse. Chimene chinamubwerera chinali manja aja ophimba galasi, ndi ganizo loti kaya apita kaya atsala, mvula ya chaka chino ikadali ndi miyezi iwiri.

Loweruka m'mawa, nyumba ili phee, analowa m'kanjira nayeza galasi ndi zala monga bambo ake ankayezera chikombole: zala zisanu ndi ziwiri m'litali, zinayi m'lifupi. Anatulutsa nsalu yake ya kapulana ya maluwa achikasu, imene mayi Augusta anamugulira tsiku lolowa m'nyumba muja, poti ndi yokhayo inali yokhuthala moti kuwala sikungadutse. Anadula kumapeto kwake. Anakhala kuseri kwa khola la nkhuku nasoka timatumba tiwiri, nsalu ataipinda pawiri, kukamwa kwake atalowetsamo ulusi wa thumba la chimanga woti ukakoka kathumba kazitseka. Tinali tatifupi. Ngakhale titagwa, sitikanafika papaipi. Koyamba kanatuluka kothina, anakasula n'kusokanso.

Madzulo ake analongedza chikwama. Kagalasi kake kozungulira anakapeza pansi pomwe anakasiya, nakabwezera pomwepo.

Lamlungu anapita kutchalitchi atatu, Quim patsogolo, akazi awiri pambuyo. Duku Dália anamanga mongoganizira. Panjira mayi Augusta anatambasula dzanja namukonzera kumbuyo kumene kunapindika. Nthawi ya Misa mayi Augusta sanapite kukalandira mgonero, anatsala pabenchi atagwada, nkhope ili m'manja, mpaka anthu onse atabwerera m'malo.

Atafika kunyumba, Dália analowa kukatenga chikwama. Podutsa m'kanjira anaveka magalasi onse awiri timatumba tija, nakoka ulusi, natuluka.

Henrique anali atafika kale ndi njinga yake, poti Quim anamupempha kuti akamusiye Dália pamsewu waukulu. Anali atakhala pachishalo, akukanda mafuta akuda m'zikhadabo, osayang'ana aliyense. Azimayi awiri oyandikana nawo, amene nawonso ankachokera kutchalitchi, anachepetsa liwiro pamtengo wa mapeyala, wina n'kuwerama ngati akukonza nsapato.

"Fulumirani," anatero Quim, akuyang'ana kumwamba. Anatenga chikwama ndi dzanja lake labwino kuti akachimangirire yekha. "Mvula ikupezani panjira."

Kumapiri kunali kutada kale. Bingu loyamba linagunda patali, lalitali, ngati lole yodzaza ikuoloka mlatho. Mayi Augusta, amene anali atakhala pakhonde, anadzuka mwakachetechete ngati munthu woiwala kanthu, nalowa m'nyumba.

Dália anawerenga mumtima mapazi awo. Atatu kufika pamatumba, awiri kufika panjinga. Kenako zii.

"Dália, kwera," anatero Quim.

"Ndikufuna nditsanzike amayi."

"Amayi! Mtengwa wanu akutsanzika!"

Quim anaitananso. Patapita nthawi chitseko chinalira, mayi Augusta n'kutuluka. M'manja anali atagwira kathumba kamodzi ka maluwa achikasu, akukasisita ndi chala chachikulu pamene panali msoko.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa Quim. "Mota yayamba kuvala maduku? Ndinati chiyani za nsalu?"

"Quim, ika chikwamacho pansi."

"Amayi, mvula..."

"Ika pansi." Mawu awo sanali okwera, koma Henrique anatsika panjinga navula chipewa. "Nsalu iyi ndinagula ndine, ndikuidziwa. Mwana uyu wandiona, ndipo sananene. Akupita kwawo ndi mlandu wanga m'chikwama, ndipo popita wandisokera ichi." Anakweza kathumba kaja. "Galasi lako ndinkalipotoza ndine. Kuyambira tsiku unaletsa nsalu, kukangong'anima ndinkalitembenuzira kukhoma, mvula ikatha n'kulibweza usanadzuke. Linkakana, ine n'kumakankha ndi phewa. Sindinadziwe kuti ndikulipha. Tsiku anabwera Henrique ndinadziwa, asanamalize n'kulankhula komwe. Lachiwiri unamukalipira ndili pomwepo, ndikusankha nyemba. Ndinaopa maso ako, mwana wanga. Ndinaopa kuti undiyang'ana mmene ndimadziyang'anira ndekha pa za mlongo wako."

Quim anayang'ana chikhakha chake, nayang'ana chitseko chija ngati akuchiona koyamba. Kenako anayenda pang'onopang'ono, nadutsa mkazi wake osakweza maso, naika chikwama mkati mwa khomo, kuseri kwa chitseko, pansi pa msomali wa sipanala. Anaima pomwepo, msana uli kunja.

Madontho anayamba kugwa pafumbi. Azimayi aja sanasunthe.

Mayi Augusta anatsikira pansi, bondo limodzi kaye, kenako linalo, atatsamira khoma, pakhonde pomwe paja pamene chidindo cha nsalu yawo chinaumira m'dothi lakuda. Dália anathamanga kuti awadzutse.

"Amayi, ayi, musatero, anthu akuona."

"Aone. Anakuona ukulongedza, amvenso izi." Anamugwira dzanja, kathumba kali pakati pa zikhatho zawo, nakweza mawu kuti afike mpaka pamtengo wa mapeyala. "Dália, mwana wa eni ake, ndinakusenzetsa katundu wanga masiku asanu, ndikukupatsa mazira kuti mtima wanga ukhale pansi. Ndakulakwira pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu awa. Ndikhululukire, mwana wanga. Chonde, ndikhululukire."